Edsger W. Dijkstra

Edsger Wybe Dijkstra (11 Meyi 1930 – 6 Ogasiti 2002) anali katswiri wa masamu ndi sayansi ya makompyuta wa ku Netherlands. Iye ndi mmodzi mwa anthu oyamba kufufuza mozama zimene zimachitika mapulogalamu angapo akamayenda nthawi imodzi n'kumadalirana. Anafotokoza bwino vuto la kudikirana kosatha, lomwe akatswiri amalitcha deadlock. Vutoli limachitika pamene zigawo ziwiri kapena zingapo za pulogalamu zaima chilili chifukwa chilichonse chikudikira chinzake. Mpaka lero, ili ndi limodzi mwa mavuto amene amaimitsa mapulogalamu otumizirana mauthenga pa makompyuta ambiri olumikizidwa pamodzi.

Dijkstra amadziwikanso chifukwa cha ndondomeko yopezera njira yachidule pakati pa malo awiri, yomwe imatchedwa ndi dzina lake, komanso chifukwa cholimbikitsa kalembedwe ka mapulogalamu kadongosolo. Mfundo imene anaigwiritsa moyo wake wonse inali yakuti pulogalamu siingatsimikizike kuti ndi yolondola pongoiyesa. Woilemba ayenera kuilingalira ndi kuitsimikizira mwa masamu pamene akuilemba. Mu 1972 analandira mphoto ya Turing, yomwe ndi yaikulu kwambiri pa sayansi ya makompyuta.

Ubwana ndi maphunziro

Dijkstra anabadwira mumzinda wa Rotterdam ndipo anali wachitatu m'banja la ana anayi. Bambo ake anali katswiri wa chemistry komanso mphunzitsi wa kusekondale, ndipo anakhalapo mtsogoleri wa bungwe la akatswiri a phunziroli ku Netherlands. Mayi ake ankadziwa kwambiri masamu ngakhale kuti sanalembedwepo ntchito ya masamu. Iwo ndi amene anamuzoloweretsa kufunafuna yankho lalifupi ndi lomveka.

Anaphunzira pasukulu ya Gymnasium Erasmianum mumzinda womwewo n'kumaliza mu 1948. Poyamba ankafuna kuphunzira zamalamulo kuti adzaimire dziko lake ku bungwe la United Nations. Koma popeza anakhoza bwino masamu ndi sayansi, makolo ake ndi aphunzitsi anamulangiza kuti apitirize ndi maphunziro amenewa. Choncho anapita kuyunivesite ya Leiden kukaphunzira masamu ndi physics.

Mu 1951 anapita ku Cambridge, ku England, kukachita maphunziro a milungu itatu a kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta yotchedwa EDSAC. Adriaan van Wijngaarden, amene ankatsogolera nthambi yowerengetsa ya bungwe la Mathematisch Centrum ku Amsterdam, anamva za mnyamatayu ndipo anamupatsa ntchito. Dijkstra anayamba ntchitoyo mu Malichi 1952 ndipo amatengedwa ngati munthu woyamba ku Netherlands kulembedwa ntchito yolemba mapulogalamu. Kwa zaka zingapo ankagawa sabata pakati pa Leiden ndi Amsterdam, mpaka anamaliza maphunziro a physics mu 1956.

Mu 1957 anakwatira Maria Debets, amene ankadziwika kuti Ria. Polembetsa ukwatiwo, akuluakulu a mzinda wa Amsterdam anakana kulemba kuti ntchito ya mkwati ndi yolemba mapulogalamu, ponena kuti ntchito yotero kulibe. Pachikalata analembapo kuti ndi katswiri wa physics.

Ntchito ku Amsterdam

Ku Mathematisch Centrum, Dijkstra ankagwira ntchito ndi Bram Loopstra ndi Carel Scholten, amene ankapanga makompyuta enieniwo. Atatuwa ankayamba agwirizana kaye polemba mmene makinawo adzagwirire ntchito. Kenako awiriwo ankapita kukapanga makina, iye n'kumalemba mapulogalamu a kompyuta yomwe inali isanapangidwe. Popeza analibe poyesera, anazolowera kutsimikizira pulogalamu papepala.

Mu 1956 anafuna chitsanzo chimene anthu wamba angachimvetse pa mwambo woonetsa kompyuta yatsopano yotchedwa ARMAC. Anasankha funso la njira yachidule pakati pa mizinda iwiri, pa mapu a mizinda 64 ya ku Netherlands. Ndondomeko yake anaipeza m'mphindi pafupifupi 20 atakhala pamalo omwera khofi ku Amsterdam, wopanda pensulo kapena pepala. Inasindikizidwa mu 1959 m'magazini ya Numerische Mathematik, ndipo imagwirabe ntchito posankha njira zodutsa mauthenga pa intaneti ndiponso pa mapu a m'mafoni.

Chimene chinamulowetsa m'nkhani ya mapulogalamu oyenda nthawi imodzi chinali kompyuta ya Electrologica X1. Kompyutayi inali ndi luso latsopano lotchedwa interrupt. Chipangizo chakunja, monga chowerengera tepi, chinkatha kudukiza pulogalamu pa nthawi iliyonse kuti kompyuta ichisamalire kaye. Zimenezi zinkapulumutsa nthawi, koma zinabweretsa vuto lachilendo. Pulogalamu yomweyo, yopatsidwa manambala omwewo, inkatha kuyenda mosiyana lero ndi mawa malinga ndi nthawi imene yadukizidwa. Cholakwika chinkatha kuoneka kamodzi n'kusowa, osabwereranso munthu akafuna kuchifufuza. Dijkstra analemba pulogalamu yoyendetsa kudukizaku, ndipo ntchito yake pa X1 ndi imene inamupatsa digiri ya udokotala kuyunivesite ya Amsterdam mu 1959.

Mu 1960, iye ndi Jaap Zonneveld anamaliza pulogalamu yoyamba yomasulira chinenero cha ALGOL 60 kuti kompyuta izichimva.

Ku Eindhoven

Mu 1962 Dijkstra anakhala pulofesa wa masamu pasukulu ya ukachenjede ya Technische Hogeschool Eindhoven, ndipo mu 1964 banja lake linakhazikika m'mudzi wa Nuenen, kufupi ndi mzindawo. Pasukuluyi anatsogolera kagulu kochepa kamene kanalemba pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya Electrologica X8. Pulogalamuyo inatchedwa THE, kuchokera ku zilembo zoyamba za dzina la sukuluyo. Cholinga chinali chakuti kompyuta imodzi izigwira ntchito zingapo nthawi imodzi.

Funso loyamba linali la kusinthana. Zigawo ziwiri za pulogalamu zikafuna chinthu chimodzi, monga makina osindikizira, ziyenera kulowa chimodzichimodzi. Katswiri wa masamu Th. J. Dekker anali atapeza kale yankho la zigawo ziwiri. Mu Sepitembala 1965 Dijkstra anafalitsa yankho la zigawo zochuluka mulimonse, m'nkhani ya tsamba limodzi m'magazini ya Communications of the ACM. Anaika malamulo amene yankho labwino liyenera kutsata. Limodzi mwa malamulowo linali lakuti wolemba pulogalamu asadalire liwiro la chigawo chilichonse, chifukwa chimene chikufulumira lero chikhoza kuchedwa mawa.

Kuti kusinthanaku kukhale kosavuta, anayambitsa chida chotchedwa semaphore, dzina lochokera ku zizindikiro za panjanji zimene zimaloleza kapena kuimitsa sitima. Semaphore ndi nambala yokhala ndi zochita ziwiri zokha, P ndi V, zomwe ndi zilembo zoyamba za mawu a Chidatchi. Chigawo chikachita P chimadikira mpaka nambalayo ipose 0, kenako chimachotsapo 1 n'kupitirira. Chikachita V chimawonjezera 1, ndipo chimodzi mwa zigawo zodikira chimapeza mpata.

Pulogalamu ya THE inamangidwa m'magawo osanjikizana, kuyambira 0 mpaka 5. Gawo la pansi linkagawa nthawi ya kompyuta, lotsatira linkasamalira malo osungira zinthu, ndipo mapulogalamu a anthu anali chakumwamba. Gawo lililonse linkadalira magawo a pansi pake okha. Dongosolo limeneli linathandiza gululo kutsimikizira kuti zigawo sizidzadikirana mozungulira. Wophunzira wake A. N. Habermann analemba umboni wa mfundoyi pa digiri yake ya udokotala mu 1967. M'nkhani imene anafalitsa mu 1968, Dijkstra anafotokoza kuti poyesa THE anangopeza zolakwika zing'onozing'ono za kalembedwe, pafupifupi chimodzi pa malangizo 500 alionse.

Kudikirana kosatha

Mu 1965 Dijkstra analembera ophunzira ake kabuku kotchedwa Cooperating Sequential Processes. M'kabukuka anafotokoza vuto limene analipatsa dzina lotanthauza kukumbatirana kobweretsa imfa. Chigawo choyamba chagwira chinthu A ndipo chikufuna B. Chigawo chachiwiri chagwira B ndipo chikufuna A. Palibe chimene chingasiye chomwe chagwira chisanamalize ntchito, ndipo palibe chimene chingamalize. Kuipa kwa vutoli n'kwakuti silichita phokoso. Kompyuta siilemba uthenga wodandaula, pulogalamu siifa, ndipo chigawo chilichonse pachokha chikutsata malangizo ake molondola.

Pofuna kupewa zimenezi anapereka ndondomeko ya mwini banki. Mwini bankiyo ali ndi ndalama zowerengeka, ndipo wobwereka aliyense amanena pasadakhale ndalama zonse zimene angadzafune. Wobwereka amabweza pokhapokha atalandira zonse n'kumaliza ntchito yake. Mwachitsanzo, banki ili ndi ndalama 10, wobwereka woyamba angadzafune 8 ndipo wachiwiri 6. Woyamba watenga kale 5, wachiwiri 2, ndipo mubanki mwatsala 3. Apa zinthu zili bwino, chifukwa 3 zotsalazo zikukwanira kumalizitsa woyamba, ndipo iye akabweza wachiwiri adzathandizidwa. Koma wachiwiri akapempha 1 ina, mwini banki ayenera kumuuza kuti adikire ngakhale ndalamayo ilipo. Akampatsa mutsala 2, pamene aliyense angafunenso 3, ndipo onse awiri akhoza kuima. Ndondomekoyi siigwiritsidwa ntchito kawirikawiri m'makompyuta a masiku ano, chifukwa mapulogalamu ambiri sadziwa pasadakhale zonse zimene adzafune. Komabe inaphunzitsa akatswiri kuti ngozi imayamba kale kudikirana kusanaoneke.

Chitsanzo chake chotchuka kwambiri chinayamba ngati funso la mayeso ndipo chinasindikizidwa mu 1971 m'magazini ya Acta Informatica. Anthu asanu akhala mozungulira tebulo. Pakati pa anthu awiri alionse oyandikana pali foloko imodzi, ndipo munthu amafunika mafoloko awiri kuti adye. Onse akatola foloko ya kumanzere nthawi imodzi, aliyense amadikira ya kumanja yomwe ili m'dzanja la mnzake, ndipo palibe amene amadya. Tony Hoare wa ku Britain ndi amene anachipatsa dzina lodziwika lero, la afilosofi odyera pamodzi. Njira imodzi yothetsera vutoli ndi kupatsa mafoloko manambala n'kulamula kuti aliyense ayambe kutola ya nambala yaing'ono. Zikatero mmodzi mwa asanuwo amayambira mbali yosiyana ndi anzake, ndipo mzere wozungulira wa odikirana umaduka. Chitsanzochi chimaonetsanso vuto lina, pamene anthu awiri amasinthana kudya mosalekeza ndipo wapakati pawo sapeza mpata.

M'chaka chomwecho cha 1971, E. G. Coffman ndi anzake awiri anandandalika zinthu zinayi zimene zimapezeka pamodzi kudikirana kosatha kukachitika. Chinthu chofunidwacho sichigawanika, wochigwira amapemphanso china asanachisiye, palibe angamulande, ndipo odikiranawo apanga mzere wozungulira. Kuchotsa chimodzi mwa zinayizi n'kokwanira kupewa vutolo.

Maganizo ake pa kuyesa mapulogalamu

Mu Malichi 1968 magazini ya Communications of the ACM inasindikiza kalata ya Dijkstra yotsutsa lamulo la go to, limene limalumphitsa pulogalamu kuchoka pamzere wina kupita pena paliponse. Mutu umene kalatayo inatchuka nawo anaupereka ndi mkonzi Niklaus Wirth. Mfundo ya Dijkstra inali yakuti munthu amamvetsa bwino zolembedwa papepala kusiyana ndi zinthu zimene zikusintha m'kupita kwa nthawi, choncho kayendedwe ka pulogalamu kazifanana ndi mmene yalembedwera. Kalatayi inadzutsa mtsutso umene unatha zaka zambiri.

Mu 1969 analemba Notes on Structured Programming, yomwe inatuluka mu 1972 m'buku limodzi ndi zolemba za Ole-Johan Dahl ndi Tony Hoare. Mmenemo anaonetsa kuti kuyesa kumatha kuulula zolakwika zimene zilipo, koma sikungatsimikizire kuti zatha. Anapereka chitsanzo cha makina ochulukitsa manambala awiri a mabiti 27, ndipo anawerengetsa kuti kuyesa manambala onse otheka kungatenge zaka zoposa 10,000. Pa mapulogalamu oyenda nthawi imodzi vutoli limakula, chifukwa kuwonjezera pa manambala, pamafunika kuyesanso njira zonse zimene zigawo zingatsogozane.

Zaka za ku Burroughs

Mu Ogasiti 1973 kampani ya ku America yopanga makompyuta ya Burroughs inamulemba ntchito yofufuza. Ankagwirira ntchitoyo kunyumba kwake ku Nuenen, ndipo kuyunivesite ankapitako Lachiwiri lokha. Masana a tsikuli ankakumana ndi anzake kuti awerenge ndi kusanthula nkhani zasayansi mzere ndi mzere. Pa zaka zimenezi maganizo ake anapita ku makina ambiri olumikizidwa, opanda mmodzi woona zonse.

Mu Novembala 1974 anafalitsa nkhani ya masamba awiri yokhudza makina odzikonza okha. Anayerekeza makina oikidwa mozungulira, alionse akungoona oyandikana nawo. Pa nthawi iliyonse makina amodzi okha ndi amene ayenera kukhala ndi chilolezo chogwira ntchito, ndipo chilolezocho chizizungulira. Dijkstra anaonetsa malamulo amene amachititsa kuti ngakhale makinawo ayambe atasokonekera chotani, pakapita kanthawi abwerere okha m'dongosolo popanda wowakonza. Nkhaniyi inakhala zaka pafupifupi 10 anthu osailabadira, mpaka Leslie Lamport anaitamanda pamsonkhano wa akatswiri mu 1983.

Mu 1975 anayambitsa kalembedwe kotchedwa guarded commands, ndipo mu 1976 anatulutsa buku la A Discipline of Programming. Hoare anatenga kalembedweka n'kukagwiritsa ntchito mu 1978 pofotokoza mapulogalamu amene zigawo zake sizigawana malo osungira zinthu koma zimangotumizirana mauthenga.

Mu 1980 Dijkstra ndi Scholten anayankha funso looneka lophweka: makina ambiri akamapatsirana ntchito kudzera m'mauthenga, angadziwe bwanji kuti ntchito yonse yatha? Kungoona kuti makina onse ali duu sikokwanira, chifukwa uthenga wina ukhoza kukhala uli m'njira n'kukadzutsa makina ena. M'ndondomeko yawo, uthenga uliwonse umafuna chizindikiro chovomereza. Makina amene anali duu akalandira uthenga amatenga wotumizayo ngati kholo lawo. Mauthenga ena amawavomereza msanga, koma wa kholo amauvomereza pomaliza, akamaliza ntchito yawo ndiponso mauthenga onse amene iwo anatumiza atavomerezedwa. Makina oyambitsa ntchito akalandira zivomerezo zawo zonse, amadziwa kuti zonse zatha. Mu 1983, pamodzi ndi W. H. J. Feijen ndi A. J. M. van Gasteren, anapereka njira ina yogwiritsa ntchito chizindikiro chozungulira makina onse. M'chaka chomwecho K. Mani Chandy, Jayadev Misra ndi Laura Haas anafalitsa njira yozindikirira kudikirana kosatha pakati pa makina otumizirana mauthenga.

Ntchito yake ndi makompyuta a cluster

Mawerengedwe aakulu a masiku ano, monga olosera zanyengo, amachitika pa gulu la makompyuta olumikizidwa lotchedwa cluster. Kompyuta iliyonse m'gululi imatchedwa node. Pulogalamu imagawidwa m'zigawo zopatsidwa manambala kuyambira 0, ndipo zigawozo zimatumizirana mauthenga. Malamulo otchuka a katumizidweka ndi a MPI, omwe anatuluka koyamba mu 1994. M'chaka chomwecho Thomas Sterling ndi Donald Becker anapanga cluster yotchedwa Beowulf ku bungwe la NASA polumikiza makompyuta wamba 16. Dijkstra sanatenge nawo mbali pokonza MPI, koma mavuto amene amaimitsa mapulogalamu ake ndi omwe aja anawafotokoza.

Chitsanzo chofala ndi cha zigawo ziwiri zofuna kusinthana manambala. Ngati chilichonse chiyamba ndi kulandira, zonse zimaima pomwepo chifukwa palibe chimene chatumiza. Ngati chilichonse chiyamba ndi kutumiza, zotsatira zake zimadalira kukula kwa uthenga. Malamulo a MPI amalola kuti lamulo la MPI_Send lidikire mpaka wolandira atakonzeka. Uthenga waung'ono nthawi zambiri umasungidwa kaye pamalo apadera ndipo wotumiza amapitirira. Uthenga waukulu umadikira wolandira, ndipo zigawo zonse ziwiri zimatsalira potumiza. N'chifukwa chake pulogalamu imatha kuyenda bwino poiyesa ndi manambala ochepa pa kompyuta imodzi, n'kudzaima itapatsidwa ntchito yeniyeni pa cluster, pomwe malire a uthenga waung'ono angakhalenso osiyana. Malo osungirawo anali kungobisa cholakwika chimene chinalipo kuyambira pachiyambi.

Kuima kungabwerenso ngati wolandira akuyembekeza uthenga wa chizindikiro china pamene wotumiza waika china, kapena ngati nambala ya chigawo yalakwika. Palinso malamulo amene zigawo zonse ziyenera kuchitira pamodzi, monga MPI_Barrier ndi MPI_Bcast. Chigawo chimodzi chikalumpha lamulo lotero, kapena zigawo zikawachita motsatana mosiyana, zinazo zikhoza kudikira mpaka kalekale.

Wofufuza vutoli amayamba ndi kupeza pamene chigawo chilichonse chaima, pogwiritsa ntchito pulogalamu yofufuzira ngati gdb kapena polembetsa chigawo chilichonse zimene chikuchita. Kuona kuti kompyuta yatanganidwa sikutsimikizira kuti ntchito ikuyenda, chifukwa chigawo chodikira chimatha kumangofunsa mobwerezabwereza ngati uthenga wafika. Kenako amajambula chithunzi cha amene akudikira mnzake, muvi uliwonse kuchoka pa wodikira kupita pa wodikiridwa. Mivi ikazungulira n'kubwerera pamene inayambira, vuto lili m'dongosolo la mauthenga. Ikakathera pa chigawo chimodzi chimene sichikudikira aliyense, ndiye kuti chigawocho chafa, chachedwa kapena chikungozungulira pamalo amodzi. Wina akakhala kuti watumiza ndipo mnzake akuyembekeza uthenga womwewo koma sukufika, vuto limakhala la kulumikizana kwa makina, monga pulogalamu yachitetezo imene yatseka njira pakati pa node ziwiri.

Njira zokonzera zimafanana ndi za patebulo la afilosofi. Zigawo za manambala ogawika ndi 2 zimayamba kutumiza, zinazo zimayamba kulandira. Wolemba akhozanso kugwiritsa ntchito MPI_Sendrecv, imene imachita zonse ziwiri pamodzi, kapena MPI_Isend ndi MPI_Irecv, zimene sizidikira pomwepo. Pofuna kuulula cholakwika chobisika, ena amasintha MPI_Send kukhala MPI_Ssend, yomwe nthawi zonse imadikira wolandira, kuti pulogalamu yodalira malo osungira iime ngakhale pa mauthenga aang'ono.

Ku Austin ndi kaphunzitsidwe kake

Mu 1984 Dijkstra anasamukira kuyunivesite ya Texas ku Austin, ku United States, komwe anaphunzitsa mpaka anapuma pantchito mu 1999. Pa zaka zimenezi anaika mtima kwambiri pa kalembedwe ka maumboni a masamu, ndipo mu 1990 anatulutsa buku la Predicate Calculus and Program Semantics pamodzi ndi Scholten.

Pophunzitsa sankatsata buku. Ankalemba pabolodi mosathamanga, ndipo mayeso omaliza ankafunsa wophunzira aliyense pakamwa payekha. Maganizo ake ambiri ankawalemba m'zikalata zokhala ndi zilembo za dzina lake, EWD, ndi nambala. Zoyamba ankazitayipa, koma pambuyo pake ankazilemba pamanja ndi cholembera cha inki. Ankatumiza makope kwa anzake ochepa, iwo n'kumakoperanso ena. Zikalatazi zinafika nambala 1318, ndipo zambiri zikusungidwa ndi yunivesite ya Texas, yomwe inaziikanso pa intaneti. Iye mwini anakhala zaka zambiri wopanda kompyuta yakeyake, ndipo ataipeza ankaigwiritsa ntchito makamaka pa makalata ndi intaneti.

Anali munthu wosabisa mawu. Anadzudzula poyera zinenero za FORTRAN, COBOL ndi BASIC, ndipo zimenezi zinakhumudwitsa ambiri. Sankakonda kuti cholakwika cha m'pulogalamu chizitchedwa kachilombo, ngati kuti chinalowamo chokha, chifukwa amene amachiikamo ndi wolemba. Mu 1988 analemba kuti ophunzira oyamba aziphunzira kutsimikizira mapulogalamu papepala asanayambe kuwayendetsa pa makina. Akatswiri ena anamutsutsa ponena kuti njira yotere siingakwanire pa mapulogalamu aakulu a m'makampani, amene zofuna zake zimasinthasintha.

Kunja kwa ntchito ankakonda kuimba piyano ndi kumvetsera nyimbo za Mozart. Iye ndi mkazi wake anali ndi ana atatu, ndipo ali ku Texas ankakonda kuyendera malo osungirako zachilengedwe pa galimoto yawo yogonamo ya Volkswagen.

Imfa ndi chikumbutso

Dijkstra anadwala khansa kwa nthawi yaitali. Mu Febuluwale 2002 anabwerera kunyumba kwake ku Nuenen, ndipo anamwalira komweko pa 6 Ogasiti 2002 ali ndi zaka 72.

Atatsala pang'ono kumwalira, msonkhano wa akatswiri wotchedwa PODC unamupatsa mphoto chifukwa cha nkhani yake ya 1974 ya makina odzikonza okha. Kuyambira mu 2003 mphotoyi imatchedwa Edsger W. Dijkstra Prize in Distributed Computing, ndipo imaperekedwa chaka ndi chaka kwa olemba nkhani imene yakhala yothandiza kwa zaka zosachepera 10. Semaphore, ndondomeko ya mwini banki ndi chitsanzo cha afilosofi asanu zimapezeka m'mabuku ambiri ophunzitsira mapulogalamu oyendetsa makompyuta, ndipo ndi zimene ophunzira amayambira asanalembe pulogalamu yoyenda pa makina ambiri.